Chithunzi chakuda bii cha ku Area 47

Amalonda anzanga, nonse mukuzidziwa zithunzi zimene anyamata amagulitsa pafupi ndi positi ofesi ku Old Town: asodzi m'bwato, mlambe, mayi atasenza mtsuko. Azungu amagula, anyamata amadya, palibe mlandu. Koma sabata ino tikambe za chithunzi cha mtundu wina, chimene ndinachiona pa khoma la malo ena odyera ku Area 47, chakufupi ndi Bwandilo.

Mulibe munthu, mulibe nyama, mulibe mtengo. Ndi penti wakuda bii pa nsalu yaikulu ngati chitseko. Mnzanga wa kaunjika atachiona anaseka. Ati, "Akulu, apa munthu anangotaya penti, kenaka n'kuikapo mtengo wa mabelo awiri!"

Ine ndinakana. Ukaima kanthawi, kudako kumayamba kusiyana. Pena penti ndi wochindikala ngati phula la pamseu, pena wapalidwa mpaka nsalu kuonekera. Cha m'munsi muli kamzere kotuwa kopindika, koduka pakati. Ndi njira kapena ndi mng'alu? Kukucha kapena kukuda? Wojambulayo sakukuuza, ndipo apa m'pamene anandigwira mtima.

Tanenani zoona, ndani mwa ife sadziwa mdima umenewu? Umadzuka 4 koloko, kunja kuli bii, mpamba wonse uli m'thumba, ulendo wokaoda tomato. Sudziwa ngati atuluke kapena akuolere pa benchi. Wa kaunjika amadula belo mtima uli m'mwamba, poti zam'kati sanazione. Kumbukani November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Anthu anagona ndi mpamba wokwanira, m'mawa ndalama yomweyo osaodanso katundu yemweyo. Tsono mundiuze, tsiku lotero mungalijambule ndi dzuwa likutuluka pa nyanja ku Salima?

Ena akuti izi n'zachizungu. N'zoona kuti ku France kunali mkulu wina, Pierre Soulages, amene kuyambira 1979 ankajambula ndi penti wakuda, n'kumaupala kuti kuwala kudzisewera pamwamba pake. Anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 102, ndipo kwawo ku Rodez anam'mangira nyumba yosungiramo zithunzi zake. Koma takwerani minibasi mupite ku Dedza. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula zapamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira za Akafula zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira basi. Mzungu anali asanafike.

Nanga inu amayi a zitenje? Kasitomala akatola chitenje cha mizeremizere, amakufunsani tanthauzo lake? Iyayi. Amachiyang'ana, chikamufika pamtima amalipira.

Dandaulo langa ndi limodzi. Zithunzi zotere zimapachikidwa m'malo amene botolo la madzi limagula mtengo wa nsima ya ndiwo ziwiri, ndipo ochiona ambiri ndi oti malipiro awo amabwera pa tsiku lodziwika. Ojambula inu, tapangani tating'onoting'ono, ta mtengo wa chitenje, mubwere nato ku msika wa Tsoka. Benchi tikubwerekani, koma chiphaso cha msika mulipira nokha.