ZA NCHITO ZA MANJA: Ndalama za Soya Zisathere pa Sowo Yosanoleka

Kukolola kwatha ndipo cimanga cili m'nkhokwe. Iyi ndiyo nyengo imene abambo ambiri a ku Lundazi, kuyambira kwa Mwase kufikira kwa Kapichila ndi kwa Mphamba, akhala patsinde pa mtengo wa mango ndi kuyamba kusemasema. Sindinena za akalipentala a pa boma amene adyera nchito imeneyi. Ndinena za mlimi, mphunzitsi kapena mkulu wopuma pa nchito amene akonda kupanga mpando, citseko ca khola kapena mng'oma wa njuci cifukwa manja ake safuna kukhala cabe. Munthu wotere akangogulitsa soya kapena nshawa, ndalama zoyamba zithamangira ku sitolo ya zitsulo, ndipo kawirikawiri zitayika komweko. Tsono sabata ino tikambirane za zida zoyenera kulowa m'bokosi lace, ndi zimene zingathe kuyembekeza.

Ine ndiika kasemasema patsogolo pa zida zonse, ngakhale ndidziwa kuti anyamata a masiku ano adzaseka. Kasemasema ndi nkhwangwa, imene abale athu Atumbuka aicha mbavi, ndizo zinasema mitondo, minsi, mithiko, zipande ndi magoli a ng'ombe m'midzi yathu kucokera kale lomwe. Munthu amene dzanja lace lazolowera kasemasema angathe kusalaza thabwa lobiriwira, kukumba cipande ndi kukonza mpini wa khasu popanda cida cina ciri conse. Ndiponso safunikira kukwera basi ya makilomita 180 kupita ku Chipata kukamgula. Wosula wa m'mudzi, ndi cipala cace ndi mvukuto wace, apanga kasemasema wabwino kupambana ambiri a m'sitolo, makamaka akapeza citsulo ca sipuling'i ya galimoto yakufa, pakuti citsulo cimeneco cilimba ndipo cisunga kuthwa.

Pamenepa tiyeni ticedwepo pang'ono, cifukwa ambiri adandaula kuti zida za osula ziphwanyika mano kapena zifooka msanga. Mlandu suli pa citsulo koma pa kazimitsidwe. Wosula wodziwa atenthetsa mano a cida mpaka afiire, kenaka aviika m'mafuta, osati m'madzi, pakuti madzi azizitsa citsulo ca sipuling'i mofulumira kwambiri ndipo cing'ambika. Pamenepo cida ciri colimba koma cosweka msanga ngati mbiya. Cotero acipala kuti ciyere, nacitenthetsanso pang'onopang'ono kuyambira kumbuyo, maso ali pa mano. Mtundu wa udzu wouma ukafika kumano, aviikanso msanga. Akacedwa, mtundu usanduka wobiriwira ngati thambo, ndipo mano afewa. Inu popereka nchito kwa wosula, mufunseni za mitundu imeneyi. Akayankha bwino, mpatseni citsulo canu mosakayika. Nzeru yomweyi ikucenjezani inu amene munoletsa zida pa makina a magetsi: mano akangosanduka obiriwira pa mwala wozungulira, kulimba kwace kwatha.

Caciwiri ndi sowo, ndipo apa ndipo pagwera ndalama zambiri. Sowo zambiri zimene zidzaza m'masitolo lero ziri ndi mano akuda kapena obiriwira kunsonga. Mano otere anawaumitsa kufakitale kotero kuti tupa sangawalume. Sowo yotere idula bwino miyezi yoyamba, koma ikabuntha, basi, yatha nchito, simungainole. Sowo yacikale, ya mano oyera ofanana ndi thupi lace, inoleka ndi tupa wa mbali zitatu, ndipo mano ace apindika mosinthana, lina kumanja lina kumanzere, kuti isamamatire m'thabwa. Sowo yotere ikhala ndi munthu mpaka aisiyire mdzukulu. Cifukwa cace ndimva cisoni ndikaona ana akugulitsa bokosi la zida la malemu atate ao kwa ogula zitsulo zakutha, amene ayesa pa sikelo ngati mapoto obooka. Ngati m'nyumba mwanu muli puleni yakale yolembedwa Stanley kapena Record, ngakhale yadzala dzimbiri, musaitaye. Palafini pang'ono ndi sandipepa ziibwezera moyo, ndipo yofanana nayo simudzaipeza pa mtengo wa thumba limodzi la soya.

Puleni ndi chizulo zidalira mwala wonolera, cotero wogula puleni wopanda mwala wagula njinga yopanda pampu. Ponola, mpeni wa puleni upendeke pa madigiri pakati pa 25 ndi 30, ndipo kumbuyo kwace kugone cogona pa mwala. Machizulo awiri akwana poyamba, yaing'ono ya mamilimita 6 ndi ina ya 19. Muziimenya ndi cibonga ca mtengo, osati nyundo, kuopa kung'amba mpini. Cibonga ndi mipini musagule. Muwanga uli m'chire, ndipo ndi mtengo wolimba kwambiri.

Nanga sikweya? Ya m'sitolo ndi yabwino, koma wosowa ndalama asalire. Yesani masentimita 30 mbali imodzi ya ngondya ndi 40 mbali inayo. Ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali 50, ngondyayo iri yolunjika. Pa felemu ya citseko yesani 60, 80 ndi 100. Koma tepi yoyesera yokha ndiyo musaumire. Opanga ming'oma ya matabwa adziwa kuti timitengo ta pamwamba, tomwe njuci zimangapo zisa, tiyenera kukhala pafupifupi mamilimita 32 m'mimba mwace. Mukalakwitsa, njuci zimanga mopingasa ndipo pokolola uci muphwanya zisa zonse. Bungwe la COMACO, limene linayamba nchito zace ku Lundazi mu 2003, lathandiza alimi ambiri kuweta njuci m'ming'oma yotere, ndipo ena amene kale anali kucha misampha ya waya kumbali ya Lukusuzi anapereka mfuti ndi misampha yao naphunzira ukalipentala ndi nchito zina za manja. Mng'oma wa matabwa uposa wa khungwa, pakuti wa khungwa upha mtengo wathunthu.

Za makina a magetsi sindinena zambiri. Aceputsa nchito, inde, koma tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse. Amene anali ndi puleni ya manja anapitiriza kupala. Tisaiwalenso kuti nyumba yochuka ija ya Castle pa boma la Lundazi, imene bwanamkubwa Errol Button anamangitsa ndipo inatha mu 1952, inaimirira ndi njerwa ndi manja a amisiri akomweko.

Pa zovala, ndalama yoyamba ipite ku magalasi oteteza maso. Ovolosi ingayembekeze, pakuti malaya akale agwira nchito yomweyo, koma diso likalasidwa ndi kacitsulo kothethuka pa mutu wa chizulo, palibe sitolo yogulitsa lina. Wosema ndi kasemasema avale nsapato zolimba, osati patapata, ndipo mapazi akhale kutali ndi kumene mano agwera. Magolovesi ndi abwino ponyamula malata, koma pafupi ndi makina ozungulira ndi msampha, cifukwa makina akakola golovesi akoka ndi dzanja lomwe. Ana aonerere ali pataliko, ndipo bokosi likhale ndi loko.

Patsala nkhani ya mitengo, imene ingathe kufikitsa munthu wosalakwa mumtima m'manja mwa apolisi. Lamulo la nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula ndi kunyamula matabwa akhale ndi cilolezo ca a Forestry. Mukula unasakazidwa koopsa m'dziko lathu kotero kuti mu 2019 unalowa pa mndandanda wa CITES wa mitengo yoyang'aniridwa pa malonda a pakati pa maiko, ndipo mlombwa ndi mbawa zinatsatira mu 2022. Musanagwetse mtengo uli wonse wa matabwa, yambani mwaonana ndi a nyakwawa anu ndi a ofesi ya Forestry. Inu a ku Lumezi ndi ku Chasefu, amene maboma anu anapatuka ku Lundazi mu 2018, kafunseni ku boma lanu. Wophunzira asaononge mlombwa. Matabwa a paini, bulugamu ndi mabokosi akale akwana pa mipando iwiri kapena itatu yoyamba, imene miyendo yace kawirikawiri siigunda pansi yonse inai.