Mbewa Yosadyedwa ya pa City Market

Mlendo wocokera ku Katete kapena ku Petauke akafika pa City Market, msika waukulu wa pa mseu wa Lumumba mu Lusaka, amaona kuti pafupi ndi ogulitsa salaula ndi kapenta pali timasitolo tina mopanda cakudya ngakhale covala. M'menemo mumakhala mnyamata ndi kompyuta, ndipo nchito yake ndiyo kulembera anthu makalata ofunsira nchito, kusindikiza mapepala ndi kutumiza mafomu pa intaneti. A ku Kabwata ndi a ku Chelstone nawonso amafikako.

Kulembetsa kalata si colakwa. Ngakhale kale anthu anali kulembetsa kwa aphunzitsi. Koma wolembetsa wa lero amasiya zambiri m'manja mwa mwini sitolo: nambala ya citupa ca NRC, nambala ya lamya, ndi mau acinsinsi otsegulira imelo. Anyamata ambiri otere ndi okhulupirika, komabe nthawi zina imeloyo amaitsegula iwo, mau acinsinsi nasunga iwo omwe. Moto umene unatentha mbali yaikulu ya msikawu mu July 2017 unaonetsa kuti sitolo ingathe kusowa usiku umodzi. Nanga yankho la nchito likafika mu imelo imene mwini wake sadziwa kutsegula, adzaliwerenga ndani?

Cimene cimabweza akulu ambiri ndi mantha, poganiza kuti akadina molakwa makina adzaonongeka. Si conco ai. Phunziro loyamba ndilo kugwira kacipangizo kochedwa mausi, dzina la Cingerezi la mbewa. Mbewa imeneyi a kum'mawa asaifunire mcere, pakuti siidyedwa. Ikakankhidwa pa thebulo, kamubvi kamayenda pa galasi. Kudina kamodzi ndiko kusankha, kudina kawiri mofulumira ndiko kutsegula. Poyamba dzanja limauma ngati la mwana wogwira khasu tsiku loyamba, koma silicedwa kuzolowera.

Kenaka munthu amalemba dzina lake pa kiyibodi, ngakhale ndi cala cimodzi. Akalakwitsa, kudina Ctrl pamodzi ndi Z kumabweza cimene wacita. Cimene ophunzira amaiwala kawirikawiri ndico kusunga zolembedwa ndi kuzipatsa dzina. Magetsi akathima zisanasungidwe, nchito ingatayike. Ndipo wogwiritsa nchito kompyuta ya eni ayenera kutuluka mu imelo yake asananyamuke pampando.

Aphunzitsi sali kutali. Phunziro la kompyuta linalowa m'sukulu za Zambia mu 2014, ndipo ana a Giredi 9 analemba mayeso ake oyamba mu 2015. Caka cimeneco sukulu zambiri zinalibe makina okwanira, kotero kuti ana ena anadikira mpaka usiku kuti afikeko pa kompyuta. Ana aja lero ndi akulu, ndipo ali m'midzi momwemo. Kungoti agogo ena amacita manyazi kuphunzitsidwa ndi mdzukulu.

Alimi nawonso zawafikira, pakuti kuyambira mu 2015 Boma linayamba kupereka thandizo la fetereza ndi mbeu m'maboma ena mwa njira ya e-voucher. Mai amene amatumiza ndalama pa lamya ya Airtel kapena MTN, nasunga nambala yake yacinsinsi osauza munthu, wayamba kale phunziroli. Camutsalira ndico kupempha mnyamata wa pa msika asendeze mpando, kuti dzina lake alembe yekha.