Zaka 15 m'thumba mwa bwana

Adawaitana okha. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain lidatsekula khomo kuti anthu a maiko ena apite kukasamalira okalamba ndi odwala, poti eni dziko ntchitoyo ankaithawa ndipo mliri wa Covid-19 udasiya nyumba za okalamba zikusowa antchito. Pangano lidali lomveka: gwirani ntchito zaka 5, musapalamule mlandu, mukhoze mayeso a Chingerezi ndi a za dzikolo, mudzalandira chitupa chokhaliratu. Alongo athu ndi ana athu adamva. Ena adagulitsa mapuloti, ena adatenga katapila kuti alipire madobadoba owapezera bwana, nakwera ndege.

Ali pakati pa ulendo, akuuzidwa kuti mawu aja asintha. Mu Meyi 2025 kudatuluka chikalata chakuti zaka zodikira zichoke pa 5 zifike pa 10. Mu Novembala chaka chomwecho nduna ina idabwera ndi maganizo owawa kuposa apo: a ntchito zotchedwa zapansi, kuphatikizapo osamalira okalamba, adikire zaka 15, koma wolandira mapaundi oposa 125,000 pa chaka adikire zaka 3 zokha. Ndipo akufuna kuti zimenezi zigwire ngakhale amene ali kale komweko, amene adanyamuka kwawo atamva za zaka 5. Wosambitsa agogo awo adikire zaka 15, wowerenga ndalama ku London zaka 3. Chimenechi n'chinyengo, ndipo palibe dzina lina.

Komabe chimene chandiwiritsa mtima si Azunguwo. Ndi m'manja mukuombedwa kuno kwathu. Tawamva pa wailesi, tawawerenga pa Facebook, amuna a masuti ndi mawu aakulu: "Zakhala bwino, abwere adzatukule dziko lawo. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mlendo ndi mame, akufunanji chitupa chokhaliratu m'dziko la eni?" Anthu amenewa akulankhula za chinthu chimene sadachigwirepo, sadachiwerengepo, ndipo sakudziwa n'komwe kuti chimagwira ntchito yanji.

Tamverani tsono, inu akuluakulu a miyambi. Munthu wa viza ya ntchito ku Britain dzina lake limamangiriridwa kwa bwana mmodzi. Bwanayo ndiye adamulembera kalata yomuitana, ndipo tsiku limene wamuchotsa ntchito amadziwitsa a boma. Kalata ikabwera, munthu uja amakhala ndi masiku 60 kuti apeze bwana wina wokhala ndi chilolezo choitana alendo. Akalephera, alongedze. Masiku 60, kwa munthu amene ali ndi lendi, ngongole ya madobadoba, ndi ana pa sukulu ku Lilongwe. Ndiye kuti ndodo imene bwana wagwira si ya malipiro okha. Wagwira nyumba, wagwira tsogolo la ana, wagwira dziko lonselo m'thumba mwake. Chitupa chokhaliratu chimachotsa munthu m'thumbamo. Phindu lake lalikulu ndi limeneli: munthu amatha kunena kuti ayi.

Mwana wa achemwali anga akugwira ntchito imeneyi m'tauni ina kumpoto kwa England. Amadzuka 5 koloko kukadali mdima, kunja kukuzizira koti zala zimauma, kukadikira basi. Nyumba yoyamba amapatsidwa mphindi 30: kudzutsa gogo wamwamuna amene sangathe kutembenuka yekha, kumusintha thewera, kumusambitsa, kumuveka, kumuikira tiyi ndi mapiritsi, kulemba pa foni kuti zonse zatheka, n'kuthamangira basi ina. Nthawi ya m'basiyo bwana wake sakuiwerengera. Mashifiti a mawa amabwera pa foni usiku, akasintha amasintha osafunsa. Mwezi wina ataona kuti maola ena sadalembedwe pa kapepala ka malipiro, adapita kukafunsa mwaulemu. Yankho lidali lalifupi: akumbukire amene adamubweretsa. Adathokoza, natuluka. Mnzake wa ku Ghana amene ali ndi chitupa chokhaliratu adaberedwanso maola mwezi womwewo. Iyeyo adakweza mawu, adavula yunifolomu, ndipo pasanathe sabata adayamba ntchito pena. Ntchito ndi imodzi, thukuta ndi limodzi, onse ndi akuda, onse ndi alendo. Kusiyana kwawo ndi pepala.

Ndipo musaganize kuti mabwana akuba ndi awiri kapena atatu. Boma la Britain lenilenilo lidaulula kuti pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 lidalanda zilolezo kwa mabwana oposa 470 a ntchito yosamalira anthu, ndipo antchito oposa 39,000 adakhudzidwa. Wolakwa ndi bwana, koma wosowa pogwira ndi wantchito, chifukwa chilolezo cha bwana chikafa viza yake imatsala yopanda mwini. Munthu wa chitupa chokhaliratu zoterezi sizimugwetsa. Kampani ikatsekedwa amangofuna ina, ngati mmene amachitira mwini dziko. Tsono wina akufuna kuti mantha amenewa, amene munthu adakonzeka kuwapirira zaka 5, awasenze zaka 15. Wofika ali ndi zaka 35 adzatsekule pakamwa ali ndi zaka 50, msana utatha kale ndi kunyamula okalamba.

Zina zonse zimatsatira pambuyo pa ayi ameneyu. Wa viza amadula msonkho mwezi ndi mwezi, koma pa viza yake padalembedwa kuti asayandikire thandizo la boma ngakhale ntchito itatha kapena atadwala nthawi yaitali. Wa chitupa chokhaliratu amathandizidwa ndi msonkho umene iye mwini adadula. Mwana wobadwira ku Britain sakhala nzika chifukwa chongobadwirako, lamulo limenelo lidatha mu 1983, koma kholo limodzi likakhala ndi chitupachi mwanayo amabadwa ali nzika. Ku yunivesite, mwana wa munthu wa viza nthawi zambiri amalipitsidwa fizi ya mlendo, kawiri kapena katatu kuposa anzake amene wakula nawo m'kalasi imodzi. Wa viza akafuna ntchito ina yapambali amamuyezera maola 20 pa sabata. Wa chitupa atha kutsekula shopu, kuyendetsa lole, kubwerera ku sukulu kuti akhale namwino, popanda kupepesa munthu. Ndipo kuyambira Malichi 2024 osamalira okalamba atsopano saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Tawerengerani nokha: mwana wosiyidwa akuyamwa adzakhale atalemba fomu 2 mayi ake akadali pa mzere.

Tibwerere kwa akuluakulu aja a "abwere adzatukule dziko". Akuti chitupa chokhaliratu chimaiwalitsa munthu kwawo, chimamusandutsa mtchona. Bodza lamkunkhuniza. Zoona zake ndi zosemphana kotheratu. Munthu amene akudikira chitupachi saloledwa kukhala kunja kwa Britain masiku oposa 180 m'miyezi 12, apo ayi zaka zake zonse ziyambirenso pa chiyambi. Ndipo ngakhale masiku ochepawo amachita kupempha kwa bwana yemwe uja wagwira viza. N'chifukwa chake maliro a mayi ambiri akuonera pa foni, wina atagwirizira kamera pamanda, netiweki ikudukaduka. Munthu wa chitupa chokhaliratu atha kubwera kuno n'kukhala mpaka zaka ziwiri chitupa chisanafe. Atha kudwazika bambo ake mpaka kuwaika, kuyang'anira yekha amisiri pa nyumba yake ku Mchinji, kulima soya nyengo yathunthu, n'kubwerera. Mtchona weniweni amapangidwa ndi viza yosakhalitsa, chifukwa amaopa kuti akatuluka khomo litsekeka. Ngati mukufunadi kuti anthuwa azibwera kwawo, mukadakhala oyamba kulira nawo.

Nanga chiphaso cha Malawi amataya? Ayi. Chitupa chokhaliratu si unzika, munthu amakhalabe Mmalawi ndi pasipoti yake. Ngakhale atafuna unzika wa komweko pambuyo pake, Nyumba ya Malamulo yathu idavomereza unzika wapawiri mu 2018. Dziko lathu lomweli limapereka zitupa zokhaliratu kwa alendo amene akhazikika kuno, ndipo sindidamvepo akuluakulu a miyambi aja akuwauza kuti mlendo ndi mame. Amawapatsa mpando, amawatcha otukula dziko. Ena mwa olankhulawa ana awo ali ku Manchester ndi ku Dublin, ndipo tsiku limene mapepala a anawo atuluka amapha mbuzi n'kukapereka chothokoza ku tchalitchi. Mwambi amausungira mwana wa mnzawo.

Abwere adzatukule dziko, ndi ntchito iti? Anamwino amene tidawaphunzitsa ndi misonkho yathu amakhala pakhomo zaka kudikira kulembedwa. Kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi mu Novembala 2023. Mafuta timagona nawo pa mizere chifukwa ndalama zakunja kulibe. Ndalama zochepa zakunja zimene zikulowa m'makomo mwa anthu wamba, zolipira fizi, zogula feteleza, zogula mankhwala a shuga a agogo, zina zikuchokera m'manja mwa anthu omwewa amene mukuwaseka. Wantchito wosaopa bwana amalandira malipiro ake onse, ndipo wolandira onse ndiye amatumiza zambiri. Ngakhale mutakhala opanda chisoni, dyera lokha likadakuuzani mbali yoti muimeko.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ife Amalawi nkhani imeneyi tidaiona kale ndi maso athu, ndipo mboni zake zikadali m'midzi, zikukhosomola. Agogo athu ndi abambo athu adapita ku Joni pa Wenela, kenako pa Theba. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya South Africa. Ndondomeko yake idali yomweyi: bwera wekha, mkazi asiyidwe kumudzi, gona m'komboni, kumba golide, kontirakiti ikatha kwera ndege. Palibe amene ankaloledwa kukhazikika. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu naimitsa ulendowo kwa kanthawi. Mu 1988 zidaimiratu pa mkangano wa kuyeza magazi, amuna zikwizikwi nabwezedwa. Pamene South Africa idasintha, n'kupereka chilolezo chokhaliratu kwa ogwira ntchito m'migodi ochokera maiko oyandikana nawo cha m'ma 1995, athu ambiri adali atabwezedwa kale. Mu 2004 khoti lalikulu la malamulo m'dzikolo, pa mlandu wa anthu ochokera ku Mozambique, lidagamula kuti wokhala ndi chilolezo chokhaliratu ali ndi ufulu wolandira ndalama za okalamba monga nzika. Athu aja adabwera ndi njinga, wailesi, bulangete ndi fumbi m'mapapo. Mpaka lero nkhalamba zimenezi zikuitanidwa ku maboma kukalembetsa maina, chaka chino, chaka chamawa, kudikira ndalama zimene ambiri afa asanazione. Adabwerera kwawo monga mmene mwambi ukufunira. Ndani mwa oomba m'manja adapitako kukawagulira mankhwala a chifuwa?

A ku Britain nawo akuti chitupachi ndi mphotho, munthu ayambe waonetsa kuti wathandiza dziko. Ayankhe okha kuti wogwira dzanja la mayi awo usiku womaliza, ana ake enieni ali kutali, wathandiza dziko kapena ayi. Palibe akukana kuti dziko lili ndi ufulu wotseka khomo lake. Adatseka kale mu Julaye 2025, sakuitananso osamalira okalamba ochokera kunja, ndipo zimenezo ndi zawo. Koma amene adalowa kale adalowa pa pangano la zaka 5. Walira mvula walira matope. Sungaitane munthu, kumudyera mphamvu zaka zitatu, n'kumuuza kuti chimene mudagwirizana chasuntha ndi zaka 10.

Ndipo akuluakulu athu amene masiku ano akusainira mapangano otumiza achinyamata kukagwira ntchito kunja, monga tidaonera ndi a ku minda ya ku Israel kuyambira 2023, amve bwino. Musamangowerenga mitu ya anthu ndi madola. Pa pangano lililonse funsani ngati mwana wathuyo angasinthe bwana popanda kuthamangitsidwa m'dziko, ndipo ngati yankho lili ayi, dziwani kuti mwasainira Wenela wina. A ofesi ya kazembe wathu ku London nawonso pakamwa ali napo, ndipo nkhani imeneyi ndi ya nzika zawo.

Inu muli kunjako, kaya ku Britain, ku Joni, ku Ireland kapena kwina kulikonse: tsiku limene zaka zanu zakwana, musachedwe ngakhale sabata. Sungani kapepala kalikonse ka malipiro, werengani masiku amene mwatuluka m'dziko, konzekerani mayeso aja, ndalama yofunsira chitupa muiike padera ngakhale abale akudandaule. Malamulowa akusintha munthu ali mtulo. Ndipo inu abale muli kuno, mwana wanu akakuimbirani foni kuti Khirisimasi ino sabwera chifukwa akusunga ndalama ya mapepala, musamutche mtchona. Muuzeni akatenge chitupacho.