Tileke Kukopela Netiweki ya Anthu Amene Malaiti Sawathawa

Mlungu watha mnzanga wina anaponya vidiyo m'gulu lathu la WhatsApp la amene tinaphunzila pamodzi. Inali ya data centre imene akumanga ku Abilene, ku Texas: nyumba zitali-zitali zoyalana monga mashedi a fodya, mathilaki kulowa ndi kutuluka, nthambo zonenepa ngati dzanja la munthu. Pansi pake analemba kuti anzathu ali uku, ise tikali gone. Gulu lonse linayamba kuomba m'manja. Wina anati boma liitane makampani amange yotele pa Lusaka, wina anati ku Kopala ndiye kuli malo.

Ine vidiyoyo inatseguka patapita maola atatu. Malaiti anapita m'mawa, ndipo nsanja ya netiweki ya kwathu ikatha mabatile, foni imasanduka tochi cabe. Nitaiona, n'nakwiya. Sin'nakwiyile a ku Texas, iwo akumanga zowayenela. N'nakwiyila ise, acinyamata ophunzila bwino-bwino, amene tiganiza kuti tsogolo la makompyuta ndi kukopela nyumba ya munthu wina popanda kufunsa kuti anaimangila vuto lanji.

Tiyeni tiyambe ndi vuto lawo, cifukwa si la masewela. Data centre ndi nyumba yodzala makompyuta amphamvu ochedwa maseva, oikidwa m'mashelufu acitsulo. Ukatumiza uthenga, ukaonela vidiyo, ukafunsa ChatGPT, nchito yeniyeni icitika kumeneko. Funso lakale la akatswili linali lakuti: makina masauzande ambili tingawalumikize bwanji kuti alionse akambe ndi anzake popanda kupanikizana pa njila imodzi? Yankho linacokela ku mafoni akale. Mu 1953 Charles Clos wa ku Bell Labs anaonetsa mmene tumaswichi tung'ono tambili, toikidwa m'magulu osanjikizana, tungagwilile nchito ya swichi imodzi yaikulu. Mu 2008 ofufuza a pa yunivesite ya California ku San Diego anatenga nzelu imeneyo n'kuiika mu data centre, ndipo lelo ndiyo njila imene ambili amamangila.

Manje AI yabweletsa vuto latsopano. Pophunzitsa pulogilamu yaikulu ya AI, ma GPU masauzande amawelengela pamodzi, ndipo pakapita kanthawi kocepa onse afunika kupatsana zimene apeza asanapitilize. Imodzi ikacedwa, onse aima. Cili monga minibasi imene siinyamuka mpaka mpando wothela utadzala. Conco kafukufuku wa masiku ano athamangitsa tuzigawo tung'ono-tung'ono twa sekondi. Google inafotokoza mu 2022 kuti mu netiweki yake ya Jupiter inaikamo maswichi a tumagalasi tung'ono tozungulila, tumene tumatembenuza kuwala kucoka mu nthambo ina kupita mu ina popanda kukusandutsa magetsi, ndipo inati magetsi a netiwekiyo anatsika ndi pafupi-fupi 40 pelesenti. Mu 2023 makampani monga AMD, Intel, Meta ndi Microsoft anapanga gulu la Ultra Ethernet Consortium kuti akonzenso Ethernet igwilizane ndi nchito ya AI. Ena akuyesa kuika mbali ya kuwala pafupi kwambili ndi chip. Ena akulimbana ndi kutentha: mphepo ya mafani siikwanitsanso, ndiye apititsa madzi m'mapaipi pamwamba pa chip penipeni, kapena kumiza makina onse m'mafuta apadela. Microsoft inafika pomiza data centre ya maseva 864 pansi pa nyanja ku Orkney, ku Scotland, kucokela mu 2018 mpaka 2020.

Zonsezi ndi nzelu zapamwamba, sinikana. Koma onani mtengo wake. Shelufu imodzi ya NVIDIA yochedwa GB200 NVL72 ili ndi ma GPU 72 ndipo imadya magetsi pafupi-fupi makilowati 120. Pa tsiku limodzi amenewo ndi mayunitsi 2,880. Nyumba imene imagula mayunitsi 300 pa mwezi ingakhale nawo miyezi yoposa 9. Iyo ndi shelufu imodzi, tsiku limodzi. Malo a ku Abilene aja anakonzedwa kuti azidya mamegawati 1,200. Siteshoni yathu ya Kariba North Bank, damu ikadzala ndipo makina onse akamazungulila, imapeleka mamegawati 1,080. Ndipo tonse tikumbukila 2024: cilala cinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February, madzi a Kariba anatsika, ndipo pofika September makomboni ambili anali kukhala mumdima maola 21 pa tsiku. Owochelela zitsulo ku Kalingalinga anali kugwila nchito pakati pa usiku. Amayi ogulitsa nkhuku ndi nsomba anataya katundu m'mafiliji.

Ndiye amene mufuna Abilene pa Lusaka, niuzeni: magetsi ake adzacotsedwa kwa ndani? Kampani imene yaika mabiliyoni a madola siidzalola kukhala pa ndandanda ya load shedding pamodzi ndi Chawama. Idzasainila pangano lakuti iyo ikhale yoyamba. Walila mvula walila matope. Ndipo musanyengedwe ndi nkhani ya nchito. Pomanga pamafunika anthu ambili, zoona, koma nyumba ikatha, otsala ndi ocepa: alonda, osamalila magetsi ndi zoziziritsa, ndi akatswili owelengeka. Mapulani ndi mapulogilamu amalembedwa kwina.

Mavuto athu a netiweki ndi ena, ndipo ndi atatu.

Loyamba ndi magetsi amene amabwela ndi kupita. Data centre ya anzathu imamangidwa poganiza kuti magetsi alipo nthawi zonse, jenseti ndi ya tsiku latsoka cabe. Kwa ise tsiku latsoka ndi Lolemba, Laciwili, Lacitatu. Funso lathu ndi ili: kodi seva ya pa cipatala ca kumudzi kapena pa sukulu, yodalila sola ndi batile, ingadziwe yokha kuti mphamvu yatsala pang'ono, n'kusankha nchito yofunika kusunga ndi nchito yosiyila mawa dzuwa likatuluka? Musaganize kuti ili ndi funso la amphawi. Mu 2020 Google inayamba kusunthila nchito zina zosafulumila ku maola amene magetsi a dzuwa ndi mphepo ali ambili. Mu 2024 Microsoft inasainila pangano lotsegulanso siteshoni ya nyukiliya ya ku Three Mile Island cifukwa ca njala ya magetsi. Bungwe la International Energy Agency linati ma data centre anadya pafupi-fupi 1.5 pelesenti ya magetsi a dziko lonse lapansi mu 2024, ndipo lionetsa kuti pofika 2030 adzadya kuwilikiza kawili. Anthu olemela ayamba manje kuphunzila kukhala ndi magetsi opelewela. Ise tinabadwilamo. Nanga n'cifukwa ciani tiyembekeza kuti iwo atilembele yankho?

Laciwili ndi mtunda. Kuwala mu nthambo ya fibre kumayenda makilomita pafupi-fupi 200,000 pa sekondi. Kucoka Lusaka kupita London molunjika ndi makilomita pafupi-fupi 8,000, conco kupita ndi kubwela sikungacepele mamilisekondi 80, ndipo nthambo siiyenda molunjika: iyamba yafika ku nyanja kudzela m'maiko a anzathu. Johannesburg ili pa makilomita pafupi-fupi 1,200, ndipo kucokela mu 2019 makampani aakulu a cloud anatsegula malo awo ku South Africa, zimene zinathandiza. Koma dziko lopanda nyanja limakhala lodalila. Pa 14 March 2024 nthambo zinayi za pansi pa nyanja zinaduka kumadzulo kwa Africa, maiko ambili anavutika. Pa 12 May caka cimeneco EASSy ndi Seacom zinaduka kum'mawa, intaneti inagwa ku Tanzania, Malawi ndi Mozambique. Ofufuza a ku California athamangitsa kacigawo ka milisekondi pakati pa mashelufu awili. Ise funso lathu n'lakuti nthambo ikaduka m'nyanja imene sitinaionepo, kodi mobile money, mafaelo a odwala ndi zotsatila za mayeso zipitiliza kugwila nchito muno?

Lacitatu ndi lakuti timalipila ulendo wautali pa uthenga wopita pafupi. Uli ku Mtendere, utumiza vidiyo kwa mlongo wako ku Kabwata, vidiyoyo iyamba yapita ku seva ili kunja kwa dziko, ndiye ibwelele. Nonse awili mwadya bundle. Acinyamata anaona kale kupusa kwa zimenezi, n'cifukwa cake nyimbo ndi mafilimu timapatsana pa Xender kapena SHAREit, foni ndi foni, popanda intaneti. Cimene ticita pa kona ya shopu cifukwa ca kusowa ndalama, ofufuza amacilembela mapepala: kusunga zinthu pafupi ndi amene azifuna, netiweki yopilila kuduka, mapulogilamu amene amagwila nchito pa foni n'kugwilizanitsa pambuyo netiweki ikabwela.

Ndipo apa ndiye pamene nifuna mumvetsetse. Kafukufuku wotele anacitikapo muno. Ku Macha, ku Southern Province, kunamangidwa netiweki ya wayalesi ya kumudzi yochedwa LinkNet. Ofufuza a pa yunivesite ya California ku Santa Barbara, pamodzi ndi anthu a kumeneko, anapima mmene anthu anali kuigwilitsila nchito, ndipo anapeza kuti mauthenga ambili anali pakati pa anthu a m'dela lomwelo, koma anali kudutsa pa kanjila kocepa ndi kodula kopita kunja. Anapanga VillageShare, yosunga mafaelo m'mudzi momwemo, ndi Kwiizya, netiweki yaing'ono ya mafoni ya m'dela, imene anaifotokoza pa msonkhano waukulu wa ofufuza mu 2013. Mapepala amenewo amawelengedwa kunja. Funsani m'kalasi ya computer science pa Lusaka kuti ndi angati anamvapo za Macha. Tidziwa dzina la bwana wa NVIDIA, koma za pakhomo pathu sitidziwa. Tinaiwalanso kuti ZAMNET, imene inabadwila pa UNZA mu 1994, inaika Zambia pakati pa maiko oyambilila kum'mwela kwa Sahara kukhala pa intaneti. Amene anacita zimenezo sanayembekeze kuti zinthu zikhale bwino poyamba.

Wina adzati, iwe ufuna tikhale otsalila, anzathu ali pa AI ise tili pa mabatile. Iyai. Data centre tiifuna, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti nkhani zaumwini za anthu zisungidwe pa maseva ali muno. Cimene nikana ndi kukula kwake ndi colinga cake. Tifunika malo ang'ono ndi apakati, omwazika m'zigawo, oyendela sola masana, olumikizana pa internet exchange ya muno kuti uthenga wa Lusaka uthele mu Lusaka. AI yomwe, kuiphunzitsa ndiko kumadya magetsi oopsa. Kuyendetsa pulogilamu yaing'ono yophunzitsidwa kale kungatheke pa makina ocepa. Mmene tingaicitile bwino pa magetsi osadalilika ndi funso lofunika digili ya PhD, osati manyazi.

Wina adzati kafukufuku afuna ndalama zimene tilibe. Wa ma GPU masauzande, inde. Koma kupima kuti netiweki ya m'komboni mwanu imagwa kangati malaiti akapita, ndi kwa maola angati, kufuna foni, laputopu ndi kuleza mtima. Kuyesa seva yoyendela sola kufuna Raspberry Pi, panelo imodzi ndi batile. Kuona njila imene uthenga wako umadutsa kufuna lamulo limodzi lochedwa traceroute, laulele. Cimene tisowa kwambili si makina, ndi cizolowezi cofunsa mafunso athu. Caka ndi caka mapulojekiti a caka cothela amakhala amodzi-modzi: pulogilamu yolembela amene abwela m'kalasi, pulogilamu ya laibulale, shopu ya pa intaneti imene palibe adzagulapo. Aphunzitsi athu, tikulemekezani, koma lekani kuvomeleza zimenezi. Tumizani ana akapime netiweki ya ku Kanyama.

Pali cinthu cina cimene cimaniwawa. Shelufu ija ya NVIDIA ili ndi nthambo za mkuwa zoposa 5,000 kumbuyo kwake. Mathilansifoma, nthambo za magetsi ndi zoziziritsa za nyumba zimenezi zonse zifuna mkuwa. Conco m'nkhani ya data centre tilimo kale, koma tili pa malo amene takhalapo kucokela nthawi ya atsamunda: tikumba, tikweza pa thilaki, ena aganiza. Kuitana kampani kuti imange nyumba yake pano n'kudya magetsi athu sikusintha malo amenewo. Kungoonjezela magetsi pa mndandanda wa zimene timatumiza kunja.

Mnzanga wa vidiyo uja n'namuyankha usiku, malaiti atabwela. N'namuuza kuti atsegule laputopu, alembe traceroute ndi adilesi ya webusaiti iliyonse ya muno imene amagwilitsila nchito, aone ngati uthenga wake utuluka m'dziko usanafike. Imwe citani cimodzi-modzi. Lembani zimene mwapeza, tsiku, nthawi, komboni, ndi ngati malaiti analipo. Tikacita zimenezi anthu 100 kwa mwezi umodzi, tidzakhala ndi cinthu cimene a ku Abilene alibe ndipo sadzatipimila: cithunzi ceniceni ca netiweki imene tikhalamo.