MBANDE ZOGULA ZINGATHE KULOWETSA MATENDA M'DIMBA

Nyengo ya chisanu ikafika, aphunzitsi ndi anchito a Boma ambiri amalima kadimba kuseri kwa nyumba, kuti malipiro asathere pa ndiwo. Tsono funso limene libvuta ambiri ndi ili: kodi nkwabwino kugula mbande pamsika, kapena kufesa okha mbeu pa nazale?

Ogula ali ndi zifukwa zomveka. Munthu wokhala pa nchito tsiku lonse asowa mpata wakuthirira nazale m'mawa ndi madzulo. Ndiponso mbande za matimati ndi kabichi zimakhala pa nazale masabata 4 kufikira 6, za anyezi 6 kufikira 8, kotero wogula apeza ndiwo msanga.

Koma pali zinthu zimene wogula saziona. M'dothi lokangamira ku mizu mungathe kubisala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene timatupitsa mizu, ndiponso matenda amene amafotetsa matimati ngakhale nthaka ili yonyowa. Izi zikalowa m'dimba zimakhalamo zaka zambiri. Pamasamba pangathe kukhala mazira a Tuta absoluta, kambozi kochokera ku South America, kamene kanaoneka ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pambuyo pake kanafika m'Malawi muno. Kuonjezera apo, wogula sadziwa mtundu wa matimatiwo kufikira atabereka.

Wofesa yekha adziwa chimene wabzala. Ayenera kugula mbeu ya m'paketi yosatsegula, ndi kukonza bedi la mita imodzi m'lifupi pamalo pamene sipanalimidwe matimati, kachewere kapena fodya. Afese m'mizere mosathithikana, pakuti mbande zothinana ndi zothiriridwa mopitirira zimaola m'tsinde. Sabata lomaliza achepetse madzi ndi mthunzi kuti zikhwime zisanawokeredwe. Asasunge njere za matimati a haibridi, chifukwa ana ake safanana ndi kholo. Karoti, therere ndi nyemba sizifuna nazale konse. Zibzalidwe pamalo pake pomwepo.

Kugula sikulakwa kwa iye amene wangosamutsidwa kumene, bola akaone yekha nazaleyo, azule mbande imodzi ndi kupenda mizu yake, ndipo akakayika afunse mlangizi wa zaulimi. Koma amene wakhazikika ayenera kufesa yekha, makamaka mphunzitsi, pakuti nazale ya pasukulu ndi phunziro limene ana adzapita nalo kwa makolo ao. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Masabata 6 akudikira ndi ochepa poyerekeza ndi zaka zolimbana ndi nthaka yodwala.