Ligi isanayambe aliyense ndi katswiri

Loweruka lina ndidapita pa boma la Mwanza kukametetsa, koma ndidapeza magetsi atathima. Tidakhala pabenchi la panja kudikira: ine, mnyamata wometa, akabaza awiri amene amanyamula anthu ochokera ku chipata cha Zobue, mkulu wina amene amagulitsa manachesi nyengo yake ikafika, ndi anyamata awiri amene ndidawaphunzitsa Fomu 4 zaka zapitazo. Magetsi adatenga maola awiri koma palibe adanyamuka, chifukwa nkhani idali itakoma. Ligi ya TNM inkayamba mu Epulo, ndiye atenge chikho cha 2025 ndani?

Mkulu wa manachesi ndi wa Maule weniweni. Adandigwira bondo n'kunena kuti: "Aphunzitsi, musavutike n'kuwerengera. Peter Mponda wabwerera kwawo ku Bullets. Chikho chija a Silver tidangowabwereka, chaka chino abweza."

Wakabaza wina, wa Manoma ngati ine, sadalole. "Madala, Pasuwa wapita ku Flames ndipo mwayi wanu wapita naye. Chaka chino n'cha Nyerere."

"Mwana wanga," adayankha mkulu uja, "mawu amenewo mudayamba kunena mu 2018. Mwana amene adabadwa chaka chimenecho pano ali kusukulu."

Tonse tidaseka, ngakhale ife a Manoma, poti n'zoona kuti pa nthawiyo Wanderers idali itatenga ligi komaliza mu 2017.

Chimene chimandisangalatsa pa mikangano yotere n'chakuti anthu amabwera ndi umboni. Pabenchi paja aliyense amadziwa kuti Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana pansi pa Kalisto Pasuwa, kuyambira 2018 mpaka 2023, ndi kuti mu 2023 idakokolola zikho zonse zinayi. Amadziwa kuti Silver Strikers idadula mzerewo mu 2024. Wina adakumbutsa anzake za 2016, pamene asilikali a Kamuzu Barracks adatenga ligi anthu maso ali pa matimu ena. Amadziwa wosewera amene wagulidwa, amene wavulala bondo, ndi amene akudandaula za malipiro. Mmodzi wa anyamata anga aja, amene masamu ankamuvuta kwambiri m'kalasi, amawerengera mapointi ndi kusiyana kwa zigoli pamutu, osalakwitsa. Ndidadzifunsa ngati vuto lidali iye kapena kaphunzitsidwe kathu.

Kenaka nkhani idakhota. Sindikumbuka amene adayambitsa, koma posakhalitsa tidapezeka tili ku America. Mnyamata wina adati Donald Trump ndi dolo, munthu wosanyengerera, ndipo Malawi akufunika mtsogoleri wotero. Mnzake adati ayi, ameneyo ndi wankhanza. Mawu adakwera chimodzimodzi ngati pa nkhani ya Maule ndi Manoma, koma nthawi ino umboni padalibe. Aliyense amangobwereza zimene adaona pa kanema wa mphindi imodzi pa WhatsApp. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Wometa uja adakhala chete nthawi yonseyi, akupukuta makina ake. Kenaka adalankhula motsitsa mawu. "Aphunzitsi, alongo anga ankagwira ntchito ku bungwe lina, kuyenda m'midzi kufufuza anthu amene asiya kukatenga ma ARV. Kumapeto kwa Januwale adawauza kuti ayambe akhala kunyumba. Mpaka lero ali pakhomo, ndipo fizi ya mwana wawo yagwera ine."

Pabenchi padangoti zii.

Zimene zidagwera banja limenelo zidayambira pa 20 Januwale 2025, tsiku limene Trump adalumbira, pamene adasayina lamulo loimitsa thandizo la dziko lake ku maiko ena kwa masiku 90. Ntchito zambiri za USAID zidaima nthawi yomweyo. Pambuyo pake adalola kuti thandizo lopulumutsa moyo lipitirire, koma ambiri ogwira ntchito m'midzi adali atabwezedwa kale. Dziko lino lili ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ndondomeko ya PEPFAR, imene George W. Bush adaiyambitsa mu 2003, yakhala ikuthandiza kwambiri pa chisamaliro chawo. Ife aphunzitsi tikudziwanso kuti sukulu zina zatsopano za sekondale za m'midzi zidamangidwa ndi ndalama za USAID. Choncho ndale za ku Washington si mpira woonera pa kanema n'kupita kukagona. Chigoli chikalowa kumeneko, ukonde umagwedezeka kuno ku Kunenekude ndi ku Thambani.

Zaka zapitazo pasukulu pathu padali mphunzitsi wodzipereka wa ku America. Ankatiuza kuti kwawo anthu amapenga ndi matimu a sukulu zaukachenjede, amene amasewera mpira wawo uja wooneka ngati dzira, wonyamula m'manja. Bwalo la University of Michigan lokha limalowa anthu oposa 100 000, kuposa kawiri bwalo la Bingu ku Lilongwe. Mu Ogasiti, masewero asanayambe, atolankhani amaika pa mndandanda matimu 25 amene akuoneka amphamvu, ndipo anthu amakangana za mndandandawo ngati ife pabenchi paja. Iye ankaseka kuti chaka chilichonse pamakhala timu yoikidwa pamwamba imene imathera m'matope. Koma adandiuzanso chinthu chimene sindidachiiwale: kuti kwawo anthu ambiri adayamba kutsatira zipani monga amatsatira matimu, moti m'bale ndi m'bale sadyera limodzi chifukwa cha voti. Nthawi imeneyo ndidamumvera chisoni. Lero ndikuona kuti matendawo ifenso tili nawo.

Vuto lathu ndi ili. Kuchokera ku mpira tidatengera ku ndale chinthu cholakwika, n'kusiya chabwino. Tidatenga malaya: ine ndine wa mtundu wakuti, bambo anga adali a mtundu womwewo, ndipo ndidzafera pomwepo. Ku mpira zimenezi zilibe vuto, chifukwa Wanderers ikagonja mtengo wa chimanga susintha. Koma tidasiya m'mbuyo diso lija lofufuza. Kochi akagonja masewero atatu motsatizana, timaimba foni pa wailesi kuti achoke, ngakhale timu timaikonda. Ndipotu timatero chifukwa choti timaikonda. Koma phungu kapena khansala wa chipani chathu akakhala zaka zonse osaoneka, timamuikira kumbuyo, ndipo wofunsa mafunso timamutcha mdani.

Andale amadziwa bwino kufooka kwathu kumeneku, n'chifukwa chake mpira sausiya. Achikulire akukumbuka nthawi imene Bullets inkatchedwa Bakili Bullets, Bakili Muluzi akuithandiza ndi ndalama. Mu 2004 timuyo, pansi pa Kinnah Phiri, idafika mu ndime ya magulu ya CAF Champions League, chinthu chimene tonse tidanyadira. Koma thandizolo litatha, timu idalowa m'mavuto a zachuma kwa zaka zingapo. Mu 2019, chisankho chili pafupi, Peter Mutharika adalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awo mu mzinda wa Blantyre. Boma lidasintha mu Juni 2020, ndipo pansi pa Lazarus Chakwera matimu awiriwa ankasewerabe pa bwalo la Kamuzu. Sindikuloza chala mbali imodzi. Ndikungoti lonjezo la nyengo ya kampeni lili ngati zokamba za pabenchi ligi isanayambe: aliyense ndi katswiri mpira usanagundidwe.

Kuno kumudzi timaziona pafupi. Ine ndimayang'anira zamasewero pasukulu yathu yoyendera. Chisankho cha 2019 chisanachitike, munthu wina wofuna mpando adabwera ndi chikho. Adabweretsa zokuzira mawu, mayunifolomu okhala ndi nkhope yake kumsana, ndi lonjezo lakuti adzasalaza bwalo lathu n'kuika magolo achitsulo. Anyamata anga adafika mu ndime yotsiriza, akusewera theka ovala nsapato theka opanda. Ndalama za mphotho tidazilondola miyezi itatu, tidalandira theka. Lero magolo athu akadali a bulugamu, ndipo chiswe chikawadya timakadula ena. Mpira tili nawo umodzi, wosokedwa kawiri, umene anyamata ndi atsikana amasinthana masiku. Mkulu wa manachesi uja ndikamuuza zimenezi amandiseka kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, akudziwa kuti mawu otsirizawo andilasa pawiri.

Zimandipweteka chifukwa luso lilipo. Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 akusewera mu timu ya Kansas City Current, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Pasukulu pathu pali mtsikana wa Fomu 2 amene amathamanga ndi mpira moti anyamata amachita manyazi. Sindikunena kuti adzakhala Temwa. Ndikungoti pa bwalo la zitsa ndi mpira umodzi, sitidzadziwa n'komwe.

Chisankho china chidachitika pa 16 Sepitembala 2025, ndipo chisanachitike zikho zidayambanso kumera ngati bowa wa m'dzinja. Sindikuti ana asasewere. Asewere, ndipo mpira akapatsidwa alandire, chifukwa tikuusowa. Koma ife akuluakulu tisasinthanitse voti ndi yunifolomu. Pajatu lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kale kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti, kungoti ambiri timachita ngati sitidalimve.

Pempho langa kwa anzanga a pabenchi n'lakuti tichite ndi andale zimene timachita ndi makochi. Aphungu ndi makhansala amene adasankhidwa mu Meyi 2019 adakhala pa mpando zaka zisanu ndi chimodzi. Imeneyo ndi ligi yathunthu, ndipo tebulo lake liyenera kuoneka. Wofuna kubwereranso atiuze zimene adalonjeza, zimene adachita, ndi zimene zidakanika. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF lidafika pa K200 miliyoni pa chaka mu 2024. Ndalama zimenezo zidamanga chiyani, pamudzi uti, pa mtengo wanji? Kufunsa zimenezi si chipongwe. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo limalola ngakhale wakabaza kukafunsa ku khonsolo. Wofuna mpando koyamba nayenso asangotiuza kuti adzagoletsa. Atiuze kuti ndalama adzazitenga kuti, makamaka pano pamene taona kuti mwini thandizo akhoza kutseka mpopi tsiku limodzi osatifunsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ndipo tikamakangana za Trump, tizikangana ngati anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza. Funso loti ndi dolo kapena wankhanza tiwasiyire amene adamuvotera. Lathu ndi lakuti, ngati thandizo lija silibwereranso, amene akufuna mavoti athu akonza zotani kuti odwala m'midzi aziyenderedwabe ndi kuti makalasi amene adatsala pang'ono amalizidwe? Wandale amene sangayankhe funso limeneli ali ngati kochi wopita ku masewero opanda goloboyi wapadera.

Magetsi adayaka cha m'ma 4 koloko. Ndili pampando, wometa uja adandifunsa kuti, "Nanga inu aphunzitsi simudanene, atenge ndani chaka chino?" Ndidamuyankha kuti mtima ukuti Manoma, koma andifunsenso tikasewera masewero khumi. Za alongo ake sitidakambenso. Ndidamulipira, ndikuwonjezera pang'ono, ndipo sadakane.

Lolemba masana ndili ndi atsikana pabwalo. Ngati pali wofuna mpando amene akuwerenga, golo la kumpoto lapendekekanso. Musadikire Ogasiti.