Wophunzitsa Achitetezo cha M'mudzi

Tikambeko za wapolisi amene amaphunzitsa achitetezo cha m'mudzi ku Mitundu ndi ku Nathenje. Ophunzira ake salandira malipiro. Masana ali kumunda, usiku akulondera mudzi ndi tochi ndi wezulo. Chovuta kuwaphunzitsa ndi ichi: mukagwira wakuba mbuzi, musam'menye, mupite naye kupolisi. Pakamwa n'chapafupi, koma khamu likabwera ndi zibonga, woima pakati ndi wodziperekayo. Kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama kuli chinanso: wokankha njinga ya makala usiku uja nthawi zina ndi mlamu wa wodziperekayo. Lamulo la apolisi la 2010 limaivomereza ntchito ya chitetezo cha m'mudziyi. Ine ndikuti mphunzitsiyo azibwera pafupipafupi, ndipo mafumu azikhala nawo pa maphunzirowo.